Kodi n'zoona kuti ndege za stealth sizioneka pa radar?

Takulandiraninso abale ndi alongo! Musasunthe, chifukwa pali bodza lina limene ndatopa nalo kulimva, ndipo lero tithana nalo. Koma tiyambe tathamanga ndi nkhani zatsopano za ndege zankhondo.

Choyamba: mu Malichi 2025 boma la America linapatsa kampani ya Boeing ntchito yopanga ndege yatsopano, F-47. Nawo Britain, Italy ndi Japan agwirana manja kupanga yawo, akuti idzayambe ntchito mu 2035. China ili nayo kale J-20. Basi, tadutsa.

Chachiwiri: ma drone, ndege zopanda munthu m'kati. Ma Shahed-136 a ku Iran amene Russia ikuponya ku Ukraine ndi otchipa, moti nthawi zambiri mzinga woigwetsera umadula kuposa drone yomwe wagwetsayo. Nkhaniyi ikufunika vidiyo yakeyake. Mukaifuna, lembani m'ndemanga pansipa.

Chachitatu, apa ndiye pagona nkhani: ndege za stealth, zija zopangidwa mwapadera kuti zizizemba radar. Anthu amati, "Ndege ya stealth sioneka pa radar." Anakuuzani ndani zimenezo? Ayi ndithu, imaoneka!

Tamverani. Radar imatumiza mafunde m'mwamba, mafundewo akagunda chinthu amabwerera, ngati mmene mawu amabwererera ukakuwa pafupi ndi phiri. Akatswiri opanga stealth amapendeketsa mbali za ndege kuti mafunde akagunda athawire kwina, amaikuta ndi zinthu zomeza mafunde ena, ndipo mabomba amawabisa m'mimba mwa ndegeyo m'malo mowapachika kumapiko. Zotsatira zake, chindege chachikulu chimaoneka ngati kanthu kakang'ono, ndipo radar imachizindikira mochedwa, chitafika kale pafupi. Mochedwa, anzanga. Sindinati sichioneka.

Mukufuna umboni? Pa 27 Malichi 1999, ku Serbia, gulu la asilikali lotsogoleredwa ndi Zoltán Dani linagwetsa F-117 ya America, ndege yomwe dziko lonse linkaitamanda kuti ndi ya stealth. Anaigwetsa ndi chiyani? Ndi mzinga wa S-125, wa ku Soviet Union, umene unayamba ntchito m'zaka za m'ma 1960. Chida chokalamba! Woyendetsa ndegeyo anadumpha n'kupulumutsidwa, koma zidutswa za ndegeyo zili m'nyumba yoonetsera ndege zakale ku Belgrade.

Ndisanapitirize, ngati mwafika pano musanadine subscribe, dinani, ndi kabelu komwe. Si zolipira.

Tibwerere. Pali ma radar a mafunde ataliatali amene amatha kudziwa kuti kumwambaku kukubwera kanthu. Vuto lake, saloza bwinobwino malo enieni oti mzinga ulunjike. Kudziwa kuti m'tchire muli kalulu ndi kwina, kumulasa ndi kwinanso. Onjezani apo kutentha kwa injini: pali zipangizo zomwe zimasaka kutenthako osadalira radar n'komwe.

Ndipo ichi chimandiseketsa. Ma F-35, ndege za stealth za ku America, akamauluka nthawi ya mtendere, kawirikawiri amawamangirira tizipangizo totchedwa Luneburg lens, tobweza mafunde dala. Eya, dala! Cholinga n'chakuti oyang'anira ndege mlengalenga aziwaona mosavuta, komanso adani asaphunzire mmene ndegeyo imaonekera pa radar ikakhala yokha. Chinthu chosaoneka n'komwe, ungavutikirenji kubisa maonekedwe ake?

Nanga n'chifukwa chiyani mayiko akuthirabe ndalama zankhaninkhani pa ndege za stealth? B-21 Raider, ndege yoponya mabomba ya America yopangidwa ndi kampani ya Northrop Grumman, inauluka koyamba pa 10 Novembala 2023, ndipo ndi ya stealth. Yankho ndi nthawi. Mdani akakuona mochedwa, iwe waponya kale n'kutembenuka.

Chachinayi chinali cha ma drone owuluka limodzi ndi ndege za anthu ngati operekeza, koma taonani nthawi, yatithera. Tichisunge. Amene mumalimbikira zoti stealth sioneka, ndikukudikirani m'ndemanga. Tionana mu vidiyo yotsatira!