Makalata a omvera: Kiyibodi yaphokoso m'chipinda chogona anthu atatu

Mwaswera bwanji nonse amene mukutimvera madzulo ano kuno ku Joni, kuyambira ku Mayfair, Yeoville, Rosettenville mpaka ku Diepsloot. Sabata yatha ndinangotchula podutsa kuti ndagula kiyibodi ya mechanical, ndiye makalata abwera ngati ndalengeza ganyu. Tiyeni tiyambe nawo, nthawi isatithere.

Yoyamba yachokera kwa Chikondi wa ku Turffontein, kwawo ndi ku Ntcheu. Akuti: "Achimwene, masana ndimagulitsa mafoni m'tauni, usiku ndimasewera gemu ya pa kompyuta ya Counter-Strike ndi anzanga. Ndasunga R900. Mnzanga akuti ndigule ya maswichi a buluu chifukwa ndiyo yeniyeni. Koma timagona atatu m'chipinda chimodzi, tinangochigawa ndi katani, ndipo mmodzi amadzuka 4 koloko m'mawa kukakwera tekisi. Nditani?"

Achimwene Chikondi, ya buluuyo muisiye m'sitolo momwemo. Mnzanuyo sagona nanu. Ndifotokoze pang'ono kuti ena amene sanaigwirepo amve. Kiyibodi wamba, zija timazipeza m'maofesi, pansi pa mabatani onse pamakhala chipepala chimodzi cha labala chokhala ndi timapiri. Mukadina, kaphiriko kamaphwera. Ya mechanical, batani lililonse lili ndi swichi yakeyake yokhala ndi kasipuling'i mkati. Amene anatchukitsa maswichi amenewa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Cherry, m'zaka za m'ma 1980, ndipo maswichi awo amawasiyanitsa ndi mitundu. Lero makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu amapanga ofanana nawo pa mtengo wotsika, ndipo mitunduyo amaitsatira.

Swichi ya buluu anaipanga dala kuti izilira. Ili ndi kachidutswa mkati kamene kamati "thee" nthawi iliyonse mukadina. Masana n'zosangalatsa, koma 1 koloko usiku, kuseri kwa katani, zimamveka ngati munthu akuswa mtedza pafupi ndi khutu lanu. Mudzadana ndi wa tekisi uja pa nkhani ya zii, chonsecho lendi mumathandizana.

Inu tengani yofiira. Imatsika myaa, yopanda chopinga panjira, imafuna mphamvu ya magalamu pafupifupi 45, ndipo imamva mukangoitsitsa mamilimita 2 pa ulendo wake wa mamilimita 4. Kwa munthu amene zala zake zimakhalira pa W, A, S ndi D, mabatani oyendetsera gemu, usiku wonse, n'zimenezo zofunika. Koma ndisakunamizeni, yofiira nayonso si bubu. Batani likagunda pansi limamveka ndithu, makamaka pa tebulo la pulasitiki. Pindani chitenje pawiri muyale pansi pa kiyibodi, mudzadabwa mmene phokoso lichepere. Palinso timphete ta labala timene amati O-ring, toveka kunsi kwa batani lililonse. Pa ndalama zanuzo yang'anani za kampani ya Redragon, zimapezeka mosavuta kuno, ndipo sankhani yopanda mbali ya manambala, ija ya mabatani 87, kuti mbewa ya kompyuta (mouse) ipeze poyenda. Ngati pabokosi palembedwa kuti hot-swap, ndiye kuti swichi ikafa mutha kuizula n'kuikapo ina osapita kwa wowotcherera. Chimenecho n'chofunika kuposa magetsi othwanima.

Kalata yachiwiri ndi ya Mayi Nachisale a ku Yeoville. "Bambo wa pa wailesi, ine ndimataipira anthu ma CV, makalata ndi mainivoisi pa kafe ya intaneti. Pofika madzulo zala zimapweteka, ndipo zilembo za pa mabatani zinafufutika kalekale. Kodi zimenezi si za ana amagemu? Komanso ndimavutika kulemba w wa kachipewa uja wa pa dzina la dziko lathu."

Mayi, zikomo potilembera. Si za ana ayi. Kunena zoona, makiyibodi amenewa anayambira kwa anthu ngati inuyo. Cha m'ma 1985 kampani ya IBM inatulutsa ina yotchedwa Model M, chigulumwa cholemera ngati mphika wa chitsulo, yopangira olemba m'maofesi, ndipo mpaka pano kuli anthu amene akugwiritsabe ntchito za nthawi imeneyo. Amagemu anabwera pambuyo n'kuikamo magetsi.

Kwa inu ndikanasankha swichi ya bulauni. Ili ndi kachotupa pakati pa ulendo, moti chala chimamva kuti chilembo chalowa musanafike pansi. Mukazolowera mumasiya kumenya batani ngati mukusinja, ndipo m'pamene zala zimapumulako. Ena amainyoza bulauni, amati siili uku siili uko, koma pa kafe pamene makasitomala akuyankhula nanu, ndiyo yaulemu. Ndipo inu musatengere a Chikondi: gulani yathunthu, ya mabatani 104, chifukwa munthu wolemba mainivoisi ndi manambala a pasipoti sangakhale opanda mbali ya kumanja ija. Tating'ono tija ta mabatani 61 timaoneka bwino pa chithunzi, koma tilibe ngakhale mabatani a mivi, mudzatukwana tsiku loyamba.

Za zilembo zofufutika, funsani pulasitiki imene anapangira zisoti za mabatani. Ya ABS imasalala n'kuyamba kunyezimira ikagwira ntchito nthawi yaitali, ya PBT imapirira. Mukaona mawu akuti double-shot, ndiye kuti chilembocho si utoto wopaka pamwamba koma pulasitiki ina youmbira mkati, sichingafufutike. Muonetsetsenso kuti ndi ya dongosolo la ku America, limene ambiri amagwiritsa ntchito kuno, pamene @ ali pa nambala 2. Pa za ku Britain @ ali pena, ndipo munthu wolemba maimelo tsiku lonse zimamusokoneza mutu.

W wa kachipewa uja si vuto la kiyibodi. Mu Word lembani U+0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, atuluka. Musaiwale U+ woyambayo, chifukwa mukalemba nambala yokha pambuyo pa "Mala", Word imatenganso a uja ngati mbali ya nambala n'kusokoneza. Kapena uzani AutoCorrect, ija imakonza yokha mawu mu Word, kamodzi kokha kuti Malawi izimusintha kukhala Malaŵi, basi mwathana nazo. Koma Mayi, ngati zala zikuchita dzanzi kapena mkono ukupweteka mpaka usiku, pitani ku kiliniki, muonenso kutalika kwa mpando ndi tebulo. Kiyibodi si mankhwala.

Yachitatu yandimvetsa chisoni pang'ono. Bambo Phiri a ku Cosmo City akuti: "Ndinagulira mwana wanga kiyibodi ya magetsi ambiri pa shopu ina m'tauni. Wogulitsa anati ndi mechanical. Mwana akudandaula kuti akadina mabatani atatu pamodzi lina silimva. Pabokosi palembedwa kuti mechanical feel. Kodi andibera?"

Aphiri, mawu akuti "feel" amenewo ndi pamene pagona nkhani. Akutanthauza kuti ndi ya labala yomwe ija, angoikonza kuti izimveka ngati inayo. Kuti mutsimikize, zulani chisoti cha batani limodzi mosamala. Mukaona kamtanda kakang'ono, kofiira, kabuluu kapena kabulauni, ndi yeniyeni. Mukaona dzenje ndi labala pansi pake, mwadziwa. Mwanayo sakunama: makiyibodi otchipa amalumikiza mabatani ambiri pa njira imodzi, ndiye akadina W, Shift ndi lina pamodzi, limodzi limasowa. Pogula ina yang'anani mawu akuti N-key rollover, kutanthauza kuti batani lililonse limamveka palokha ngakhale mutadina khumi.

Tsono lisiti muli nalo? Kuno kuli lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, ndipo silifunsa kuti munabadwira kuti. Katundu akakhala ndi vuto pasanathe miyezi 6, ndinu wogula amene mumasankha kuti akukonzereni, akusinthireni kapena akubwezereni ndalama. Lamulo lomweli limaletsa kunamiza wogula za katundu. Bwererani ndi bokosi lonse, muyankhule modekha, muwaonetse mawu a pabokosiwo ndi zimene anakuuzani. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timaopa kukangana m'masitolo kuno ku Joni, timangoti zapita zapita, koma ndalamayo munaikhetsera thukuta. Ulendo wina pitani ndi mwanayo, adine yekha ndi zala zake musanatulutse chikwama. Mukagula pa intaneti, monga ku Takealot kapena Evetech, pali masiku 7 oti mutha kubweza katundu mukasintha maganizo, koma ndalama yotumizira ikhoza kukhala yanu.

Kauthenga komaliza kafika pa WhatsApp kuchokera kwa achemwali Tadala, ophunzira ku Braamfontein: "Ya waya kapena yopanda waya? Komanso yanga yakale ndinaithira tiyi."

Achemwali, pa magemu tengani ya waya, siifuna kutchaja ndipo Bluetooth imachedwerako pang'ono. Ngati mumayenda ndi laputopu m'kalasi, zilipo za kampani ya Keychron zogwira njira ziwiri zonse. Za tiyiyo, izuleni ku kompyuta nthawi yomweyo, muitembenuze chafufumimba, muchotse zisoti za mabatani, muisiye masiku awiri kapena atatu iume. Mdani wamkulu ndi shuga, ndipo ife a kumudzi sitithira masupuni awiri. Batani likayamba kumata, pukutani ndi mankhwala opukutira zamagetsi otchedwa isopropyl alcohol, osati madzi a sopo.

A Banda a ku Berea, funso lanu la kuthira mafuta m'maswichi ndaliona, koma ndi lalitali, tidzayamba nalo Lachinayi. Pakali pano tiyeni timve uthenga wa maliro ndi wa mabasi onyamuka pa Park Station mawa m'mawa.