Major awiri kapena semesita ya kunja? Mawu kwa makolo a ana ofuna udokotala wa ziweto ku America

Zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata muli kumbuyoko, taikani kaye mafoni m'thumba, nkhaniyi ndi yanu.

Ambiri mwamva za mtsikana wathu uja amene sanatengedwe ku sukulu ya ziweto chaka chino. Mutu ali nawo ndithu. Chinavuta n'choti Organic Chemistry anakaiphunzira kunja, ndipo pa transcript, chikalata cha magiredi, inabwera ngati "pass" yopanda giredi. Masukulu ambiri a ziweto amafuna chilembo chooneka, kawirikawiri C kapena kuposa apo. Pano akubwereza kosiyo, chaka chapita. Ndiye gwirani ichi: makosi a sayansi amene sukulu ya ziweto imafuna, mwana awaphunzire pa koleji yake konkuno, giredi ioneke.

Kuno udokotala wa ziweto ndi zaka 4 pamwamba pa maphunziro a ku koleji, ndipo masukulu ake angopitirira pang'ono 30 dziko lonseli. M'masukulu ambiri amafunsira malo kudzera ku VMCAS, njira ya pa intaneti yotumizira mafomu, imene imatseka pakati pa September mwana atangoyamba chaka chachinayi. Choncho zimene amaona kwenikweni ndi magiredi a zaka zitatu. Tsono chemistry imayenda mondondozana: General Chemistry masemesita awiri, kenako Organic, kenako Biochemistry. Sungalowe yapatsogolo usanakhoze yam'mbuyo. Mwana akachoka pakati pa ndondomekoyi, ndipo kosi inayo koleji imaphunzitsa kamodzi pachaka, wataya chaka, osati semesita.

Za major awiri (major ndi phunziro lalikulu limene mwana amatengerapo digiri), tiyeni tinene zoona, ambiri timazifunira kukanena pa gulu la WhatsApp la kumudzi. Masukulu a ziweto safunsa kuti major ndi angati, ngakhale wa nyimbo amamutenga akakhoza sayansi. Digiri ndi makirediti pafupifupi 120, kutanthauza 15 pa semesita. Biology ndi Animal Science zimagawana makosi ambiri, pamenepo n'zotheka. Koma Biology ndi Business zimamufikitsa mwana pa 18, kuwonjezera malabu a maola atatu. Agona liti? Nanga maola ogwira ntchito pambali pa dokotala wa ziweto awapeza liti? Pajatu amafuna makalata atatu omuikira umboni, ndipo masukulu ambiri amati imodzi ichokere kwa dokotala wa ziweto. Dokotala sangalembere mwana amene anamuona Loweruka limodzi.

Eya mayi, funsani.

(Mayi wina afunsa ngati mwana angapite kwathu ku Malawi m'malo mwa ku Ulaya.)

Funso labwino kwambiri. Apite, koma apite pa tchuthi chachitali cha May mpaka August, osati kukatengako chemistry. Kwathu akaona zimene mnzake wa kuno amangoziwerenga: chideru pa nkhuku, chigodola pa nkhumba, ng'ombe zodwala ndi nkhupakupa, katemera wa chiwewe pa agalu. Ku Bunda, ku LUANAR, amaphunzitsako udokotala wa ziweto, ndipo m'maboma muli alangizi a ziweto. Koma alemberetu kalata, asangofika pakhomo chifukwa malume amadziwana ndi wina. Azilemba tsiku, maola, mtundu wa chiweto ndi dzina la dokotala amene amamuyang'anira, chifukwa VMCAS imasiyanitsa maola a pansi pa dokotala ndi maola ongosamalira ziweto. Kudyetsa mbuzi za agogo n'kwabwino, koma kumalowa m'gulu lachiwirilo. Abayitse katemera wa chiwewe asananyamuke. Pobwera, fomu ya pabwalo la ndege imafunsa ngati anafika pafamu kapena kukhudza ziweto, avomere, ndipo nsapato zija azitsuke bwino. China, ana athu ena ali pa green card. Kukhala kunja kupitirira miyezi 6 kumabweretsa mafunso ndipo kumatha kusokoneza nthawi yowerengera unzika, ndipo kukadutsa chaka pamafunika re-entry permit, chilolezo chobwererera kuno, yotengeratu. Musamve za m'maluwa, funsani loya.

Ndikuona amayi ayamba kuvundukula mapoto, ndithamange. Chaka choyamba mwana asankhe masukulu asanu kapena asanu ndi limodzi, alembe makosi amene iliyonse imafuna, poti amasiyana. Akhale pansi ndi advisor, aike chemistry pa kalendala, zotsalazo zibwere pambuyo. Ngati pali semesita yopanda sayansi yofunikayo, apite kunja akaphunzire chilankhulo kapena mbiri, kudzera pa pulogalamu ya koleji yake kuti magiredi alowe pa transcript ya kuno. Akalembetsa yekha ku yunivesite yakunja, pafunika WES, bungwe lounika mapepala a masukulu akunja, iunike mapepala ake, ndalama zina zimenezo. Amene ali nzika ndipo amalandira Pell, thandizo la boma la ophunzira a m'mabanja opeza zochepa, afunsire Gilman, sikolashipu yokaphunzirira kunja, imafika $5,000. Phunziro lachiwirilo ngati walikondadi, atenge minor, imene imafuna makosi ochepa kuposa major. Ndipo chemistry, ndabwerezanso, konkuno, giredi ioneke.

Amene ana anu ali chaka choyamba kapena chachiwiri, mutsale pang'ono tikatha kudya, tione ma transcript limodzi.