Mapazi a katumbu m'mbali mwa Mulunguzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Salimo 77, makamaka ndime 19.

Loweruka lapitali ndinalawirira kukayenda m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, womwe uja madzi ake timamwa mumzindamu. Ndinapita ndi mtima wolemera. Pali nkhani ina ya kunyumba imene ndakhala ndikuipempherera kuyambira chaka chatha, koma kumwamba kuli zii.

Anyani ndiwo anayamba kundiona. Mkulu wawo anakhala patsinde la mtengo n'kumandiyang'ana ngati ndili naye ngongole. Kutsogolo pang'ono nantchengwa anali chiimire m'madzi osaya, akuvundula matope ndi phazi kuti achule atuluke. Mbalame imeneyi ndi yaing'ono ndithu, koma chisa chake chimatha kunyamula munthu wamkulu osaphwasuka, ndipo ikachisiya akadzidzi amalowamo ngati anamanga ndi iwo.

Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali n'chinthu chimene sindinachione n'komwe. Pamwala wina wafulati panali zigoba za nkhanu zophwanyikaphwanyika, zina zikadali zonyowa. Pamchenga pambali pake panali mapazi, zala zisanu zobulungira ngati kadzanja ka mwana, popanda chizindikiro cha zikhadabo. Ameneyo ndi katumbu. Amasaka mbandakucha ndi chisisira, akupapasa pansi pa miyala ndi zala zake mpaka atagwira nkhanu. Ndinakhala pansi kudikira kuti mwina avuuka. Dzuwa linakwera, mame anauma pansapato, katumbu osaoneka. Koma ndani akanandiuza kuti pamtsinjepo palibe katumbu, chakudya chake cham'mawa chili pamaso panga?

Asafu, amene analemba Salimo 77, tulo tinamuthawa. Anafika pofunsa ngati Mulungu waiwala kuchitira chifundo, ngati wataya anthu ake mpaka kalekale. Ndimakonda kuti Baibulo silinabise mafunso amenewa, chifukwa ambirife timawafunsa chamumtima kwinaku tikuimba kwaya. Chinamutsitsimutsa si masomphenya. Anayamba kukumbukira ntchito zakale za Yehova, mpaka anafika pa tsiku lija nyanja inagawanika. Ndiye pa ndime 19 akunena kuti njira ya Mulungu inadutsa m'nyanja, koma mapazi ake sanaoneke. Aisraele anaona Mose ndi Aroni, anaona mphepo ya kum'mawa ikuwomba usiku wonse, anaona pouma. Mwini wake sanamuone, komabe anawoloka.

Nditakhala pamwalapo ndinayamba kuwerenga zigoba zanga. Fizi ya mwana ya teremu yatha, imene mpaka lero sindimvetsa kuti inakwana bwanji. Mayi anga amene tinawanyamula pamachira mwezi wa February, pano akupalira okha kudimba. Mnzanga amene anangondiimbira foni usiku wina osadziwa kuti ndinali nditatheratu. Zonsezi ndinazidutsa ndikudandaula kuti Mulungu sakundiyankha.

Nkhani ija ya kunyumba sinathe ayi, ikadalipo m'mawa uno. Ndinatola chigoba chimodzi cha nkhanu n'kuchiika m'thumba la jekete, ndipo pano chili pawindo pafupi ndi pamene ndimagwada. Potsika phirilo ndinakumana ndi amayi atasenza nkhuni, tinapatsana moni, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndaona chilichonse kumtsinjeko. Ndinawayankha kuti eya, katumbu analiko.