Melanoma yachotsedwa: mungayang'anire bwanji timadontho ta pakhungu lanu?

[Wofotokoza wakhala patsogolo pa kamera. Patebulo pali kalilole wa m'manja, rula ndi foni.]

Moni nonse. Vidiyo ya lero ndi ya munthu amene dokotala anamuuza zinthu ziwiri tsiku limodzi: "Ndi melanoma," kenako, "koma taipeza msanga." Opaleshoni inachitika, ulusi anachotsa, bala linapola. Achibale akuti zatha, tithokoze. Koma inu mukavula malaya kubafa, maso amangothamangira pa kadontho kalikonse. Aka kanalipo kale? Kanali kakuda chonchi? Mtima uli m'mwamba, tulo osabwera.

Manthawa si opusa ayi. Koma mantha okha sakuthandizani kuona bwino, ndiye tiyeni tiwapatse ntchito.

Tiyambe ndi pepala la zotsatira zanu. Melanoma ndi khansa imene imayambira m'maselo opanga mtundu wa khungu. Papepalapo pali nambala ya mamilimita, yosonyeza mmene khansayo inalowera pansi pakhungu. Muyezo umenewu anaufotokoza ndi dokotala wa ku America, Alexander Breslow, mu 1970, ndipo mpaka lero ndi umodzi mwa miyezo imene madokotala amaidalira kwambiri. Ikakhala yosapitirira milimita 1, amati ndi yopyapyala, ndipo pochotsa amadulanso khungu labwino pafupifupi sentimita 1 kuzungulira malowo. N'chifukwa chake chipsera chanu n'chachitali kuposa kadontho kamene kanalipo. Ndipo imvani bwino apa: anthu ochuluka kwambiri amene melanoma yawo inapezeka ili yopyapyala chonchi amachira ndi opaleshoni yokhayo.

Nanga kuyang'anirabe n'kwa chiyani? Pali zinthu ziwiri. Yakale ija ikhoza kubwerera, ngakhale kuti zimenezi sizichitikachitika ikapezeka msanga. Chachiwiri ndi chimene ambiri sauzidwa momveka bwino: khungu limene linatulutsapo melanoma lingathe kutulutsanso ina yatsopano, pamalo ena, yosakhudzana ndi yoyamba ija. Ngozi imeneyi ndi yaikulu kangapo kwa inu kuposa kwa munthu amene sanadwalepo, ndipo siitha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri.

Tsono apa m'pamene ambiri timasokonekera. Timalimbana ndi timadontho takale, timene takhala nato kuyambira ubwana, poganiza kuti ndi timene tidzasanduke khansa. Koma mwa ma melanoma 10 alionse, pafupifupi 7 amatuluka pakhungu pomwe panalibe kadontho n'komwe. Choncho funso si lakuti "kadontho aka kasintha?" lokha. Funso lina n'lakuti "pamalo pano panali kanthu mwezi watha?"

[Pa sikirini paoneke zilembo ABCDE.]

Mwina kuchipatala anakuonetsani zilembo izi. Zinayi zoyambazo anazikonza madokotala a ku New York University mu 1985. Mwachidule zikuti: kadontho kamene mbali zake ziwiri sizikufanana mukakagawa pakati ndi maso, kamene m'mphepete mwake muli mokhotakhota kapena mosaoneka bwino pothera, kamene kali ndi mitundu ingapo, kwina kofiirira, kwina kwakuda bii, kwina kotuwa, ndiponso kamene kakula kupitirira mamilimita 6, ngati labala wa kumapeto kwa pensulo. Muzidziwe, koma musaime pamenepo, chifukwa melanoma ina imapezeka isanafike n'komwe mamilimita 6.

Chilembo chomaliza anachiwonjezera mu 2004, ndipo kwa ine ndi chimene chimaposa zonse: kusintha. Kadontho kakula, kada, katukuka, kayamba kuyabwa, kachita nkhanambo, kakutuluka magazi osakakanda. Kadontho koipa maonekedwe kamene kakhala chimodzimodzi zaka 20 sikadetsa nkhawa ngati kokongola kamene kasintha m'miyezi itatu.

Vuto lake, kusintha simungakuone ndi chikumbumtima cha m'mutu chokha. Mwana amene mumakhala naye tsiku ndi tsiku simuona kukula kwake; mlendo amene anamuona chaka chatha ndiye amafuula kuti "Ee, wakula!" Khungu n'chimodzimodzi. Mukamaliyang'ana m'mawa uliwonse ndi mtima wothamanga, diso limazolowera, ndipo kumbali ina mumayamba kuona zosintha zimene palibe. Mukhale mlendo wa khungu lanu. Kamodzi pamwezi, tsiku lodziwika, ndi zithunzi m'manja.

[Wofotokoza akuika rula pamkono pake, n'kujambula ndi foni.]

Onani mmene ndikuchitira. Rula ili pambali pa kadontho, osati pamwamba pake. Foni ndaiimika molunjika, sindinaipendeketse. Ndajambula kawiri: chithunzi chapafupi choonetsa kadontho ndi manambala a rula, kenako chapatali choonetsa mkono wonse, kuti mwezi wamawa ndisamafunse kuti kodi kameneka kanali pati. Kuwala kukhale kofanana nthawi zonse. Chithunzi cha masana pawindo ndi cha usiku pansi pa babu zingakupangitseni kuganiza kuti kadontho kada pomwe sikanasinthe. Zithunzizi muzisunge pamalo amodzi, ndi tsiku lake.

Ngati muli ndi timadontho tambirimbiri, oposa 50 kapena 100, musadzivutitse kujambula kalikonse. Jambulani chigawo chonse: msana, chifuwa, mwendo kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako gwiritsani ntchito nzeru imene madokotala awiri a ku France, Grob ndi Bonerandi, analemba mu 1998. Timadontho ta munthu mmodzi timakonda kufanana, ngati ana a mimba imodzi. Inu funani kachilendo, kamene sikakufanana ndi anzake. Msana wonse uli ndi tofiirira tating'ono, pakati pake pali kamodzi kakuda kotukuka: kameneko ndiko kokaonetsa.

Pali mtundu wina wa melanoma umene sutsata zilembo zija, ndipo ndikufuna muumvetse chifukwa umathamanga. Umatuluka ngati kachotupa kozungulira bwino, kolimba mukakagwira, nthawi zina kofiira kapena kotuwa osati kakuda. Munthu amati ndi chiphuphu, kapena chandiluma kanthu. Chiphuphu chimaphwa. Kachotupa kolimba kamene kakungokulirakulira milungu ikupita, kasafike mwezi musanakaonetse.

Tsopano kuyendera thupi. Vulani zonse, imani pa kalilole wamkulu, wa m'manja akhale pafupi. Nkhope, makutu ndi kuseri kwake, khosi, chifuwa, pansi pa mabere, mimba. Kwezani manja muone m'khwapa. Msana, matako ndi pakati pa tsitsi pamafunika munthu wina. Apempheni amuna anu, akazi anu kapena m'bale amene mumamasuka naye, ndipo musachite manyazi, chifukwa kumsana n'kumene melanoma imakonda kwa abambo, pomwe kwa amayi imakonda miyendo. Malo obisika nawo musawadumphe.

Kenako khalani pansi mutembenuze phazi. Apa ndichedwepo pang'ono, makamaka chifukwa cha ife a khungu lakuda. Melanoma siichuluka pakati pathu ngati kwa azungu, koma ikabwera imakonda kumene dzuwa silifika: pansi pa phazi, pachikhatho, pansi pa chikhadabo. Ndipo kawirikawiri imapezeka mochedwa, chifukwa ndani amayang'ana kunsi kwa phazi lake? Woimba Bob Marley anapezeka nayo mu 1977 pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi, ndipo poyamba zinkaoneka ngati bala la mpira. Anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36. Tsegulani zala chimodzichimodzi. Pazikhadabo, chotsani utoto ngati munapaka. Anthu ambiri akuda ali ndi mizere yofiirira pazikhadabo zingapo, ndipo imeneyo nthawi zambiri si vuto. Wodetsa nkhawa ndi mzere wa pachikhadabo chimodzi umene ukutambasuka, ukuda, kapena mtundu wake wafalikira pakhungu la m'mbali mwa chikhadabo. Magazi ogwirana chifukwa chopunthwa amasuntha kulowera kunsonga chikhadabo chikamakula. Zikapanda kusuntha, kaonetseni.

Pomaliza kuyenderako, bwererani pachipsera. Apa maso okha sakwanira, gwiritsani ntchito zala. Sisitani pang'onopang'ono pachipserapo ndi khungu lozungulira, mukufuna kambulu kolimba pansi pakhungu kapena mtundu wakuda umene wayamba kubwerera. Pitirizani kusisita kulowera kumene kuli anabere apafupi: ngati melanoma inali pamwendo, m'mphechepeche, pamkono, m'khwapa, kumutu kapena kumaso, m'khosi. Ya pamsana kapena pamimba ingapite mbali iliyonse, ndiye funsani dokotala akuonetseni ndi dzanja lake pogwira. Mwanabere amatupa ndi chimfine kapena bala, n'kuphwa. Wolimba, wosapweteka, amene wakhala milungu itatu kapena inayi osaphwa, ameneyo ndi wa kuchipatala.

Mwapeza kanthu. Mutani? Jambulani, ndipo musadikire tsiku limene anakulemberani, kaya lili miyezi 6 kutsogolo. Imbani kapena pitani, n'kunena mosabisa: "Ndinadwalapo melanoma, ndipo kadontho aka kasintha." Mawu amenewo amakufupikitsirani njira. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musakadule nokha, musakawotche, musapakepo mankhwala ochotsera njerewere. Mukatero mwawononga chimene akanakapima, ndipo mizu imatsala pansi. Dokotala wa khungu ali ndi kagalasi kowala kokulitsa zinthu, kamene kamaonetsa zimene diso lokha silingaone. Akakayikira amakachotsa n'kukatumiza kukapimidwa. Nthawi zambiri yankho limabwera lakuti si khansa. Simunamutayitse nthawi. Ntchito yake ndi imeneyo.

Za dzuwa ndinena mwachidule, poti munazimva kale. Mthunzi dzuwa likakhala paliwombo, chipewa chakhonde, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo poteteza khungu), opakanso pakatha maola awiri alionse. Makina odetsa khungu ndi kuwala asiyeni kotheratu; bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linawaika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2009. Ndipo makolo anu, abale anu a bere limodzi ndi ana anu auzeni, chifukwa iwonso ngozi yawo ndi yokwererapo.

[Wofotokoza akutenga foni, n'kutsegula kalendala.]

Musanatseke vidiyoyi, sankhani tsiku. Ine ndikuika pa 1 mwezi uliwonse, mphindi 15. Zithunzi zoyamba jambulani lero, chifukwa ndi zimene mudzayerekezere nazo mwezi wamawa. Ndipo popita kwa dokotala ulendo wotsatira, foni ikhale ndi moto, zithunzi zili momwemo, ndipo mukavule ndi masokosi omwe.