Only Connect: mpikisano wa pa TV womwe kuloweza mabuku sikukupulumutsa

Taimani kaye, musadumphe vidiyoyi. Onani mawu 4 awa: May, Brown, Major, Blair. Akugwirizana pa chiyani? Ngati mwayankha kale kuti onsewa anakhalapo nduna zazikulu za dziko la Britain, simunaname, koma mwaponda msampha, ndipo posachedwapa muona mmene wakugwirirani mwendo.

Takulandirani nonse. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe ndi kabelu kali pambalipo, salipiritsa. Lero tikukamba za Only Connect, pulogalamu ya mafunso ya BBC.

Zoyambirira tithamange nazo. Inayamba mu Seputembala 2008 pa BBC Four, ndipo mu 2014 inasamukira ku BBC Two. Amaijambula ku Cardiff, ku Wales. Woyendetsa ndi Victoria Coren Mitchell, mayi woponya nthabwala nkhope ili gwa, yemwenso ndi katswiri wa poker, masewera a makadi: anapambana mpikisano wa European Poker Tour mu 2006, n'kudzapambananso mu 2014. Matimu amakhala awiri, anthu atatu uku, atatu uku, kaputeni pakati. Mu situdiyo mulibe oonerera, palibe woomba m'manja. Ndalama? Ngakhale paundi imodzi palibe. Akatswiri a chaka amanyamula chikho n'kumapita kwawo.

Magawo alipo 4.

Gawo 1. Amakuonetsani zinthu mpaka 4, chimodzichimodzi, inu munene chimene chikuzilumikiza. Muli ndi masekondi 40. Mukayankha mutaona chimodzi chokha, mapointi 5. Ziwiri, 3. Zitatu, 2. Zonse, 1. Mukalakwa, anzanu aja amaona zonse n'kutola pointi yaulere. Pamakhala funso limodzi la zithunzi ndi lina la nyimbo, limene matimu ambiri amangoti likawagwera, nkhope zagwa. Basi, tapita.

Gawo 2 ndi la mndandanda. Apa amakuonetsani zinthu zosapitirira 3, inu munene chachinayi. Ndapanga chitsanzo changa. Chinthu choyamba: South Africa. Wokonda mpira aganiza za World Cup: 2010 South Africa, 2014 Brazil, 2018 Russia, 2022 Qatar, ndiye yankho Qatar. Koma wotsata ndale anganene kuti ayi, awa ndi maiko a mgwirizano wa BRICS (Brazil, Russia, India, China, South Africa) powerenga chobwerera: South Africa, China, India, Russia. Mayankho awiri, onse omveka. Mudina belu kuti mutole 5, kapena mupempha chinthu chachiwiri mutsikire pa 3? Chachiwiri chikatuluka kuti Brazil, nkhani yatha, ndi Qatar. Koma masekondi aja akuthamanga, ndipo kaputeni akumva mawu awiri osiyana m'makutu ake awiri.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa ichi chimandisangalatsa. Posankha funso, matimu satchula nambala. Poyamba ankasankha zilembo za Chigiriki, alpha, beta ndi zinzake. Oonera ena anadandaula kuti kumeneko n'kudzionetsera. Mukudziwa zimene anachita? Mu 2010 anachotsadi zilembo zija, n'kuikapo zolemba zakale za ku Egypt: mabango awiri, mkango, chingwe chopota, mphiri ya nyanga, madzi, ndi diso la Horus. Wodandaula anangoonjezeredwa katundu. Mpaka lero munthu wamkulu ndithu amakhala pa TV n'kumati, tipatseni mphiri ya nyanga.

Tsopano tafika pa nkhani imene yandichititsa kuyatsa kamera. Ndatopa nako kumva anthu akuti: "Aa, pulogalamu imeneyo ndi ya anthu a madigiri, oloweza mabuku, ife sitingaione." Bodza limeneli limandiwawa, chifukwa limathamangitsa anthu amene akanaikonda kwambiri.

Ndikudziwa kumene limachokera. Lolemba madzulo pa BBC Two, Only Connect imaonetsedwa moyandikana ndi Mastermind ndi University Challenge. Kumeneko inde, funso ndi lolunjika: ichi chinachitika chaka chanji, uyu anali ndani. Ukudziwa kapena sukudziwa. Ndiye anthu amangoziika zonse m'thumba limodzi. Koma Only Connect imafunsa china. Imakupatsa zinthu zimene ukuzidziwa kale, n'kuona ngati ungasiye yankho loyamba limene labwera m'mutu.

Umboni wake uli mu Gawo 3, khoma. Mawu 16 osakanizika, muwagawe m'magulu 4 a mawu anayianayi, m'mphindi 2 ndi theka. Nali khoma limene ndakukonzerani. Imitsani vidiyo ngati mukufuna kuyesa nokha.

PA SIKIRINI: May, Green, Captain, Truss, April, Major, Blair, Red, July, Brown, Colonel, March, Sunak, Blue, June, General

Palibe liwu lachilendo pamenepa. Tiyeni tione munthu wathu wamabuku uja. Diso lake lagwera pa andale nthawi yomweyo. John Major, 1990 mpaka 1997. Tony Blair, mpaka 2007. Gordon Brown, mpaka 2010. Theresa May, 2016 mpaka 2019. Zaka zonse akuzidziwa, akhoza kukuuzani ndi nduna zawo zachuma. Wadina May, Brown, Major, Blair. Khoma lakana. Wachotsa Blair, waika Truss. Lakana. Waika Sunak. Lakananso. Nduna zazikulu zilipo 6 pakhomapo, ndipo njira zosankhira 4 mwa 6 zilipo 15. Iye akuziyesa imodziimodzi, thukuta lili kamukamu, nthawi ikupita.

Mnzake amene sadziwa ngakhale chaka chimodzi akuchita chiyani? Akuwerenga. Miyezi: March, April, May, June, July, ilipo 5, umodzi ndi wonamizira, isiyeni kaye. Mitundu: Red, Green, Blue, itatu yokha. Wachinayi ali kuti? Brown. Ndiye kuti Brown si nduna pano. Maudindo a usilikali: Captain, Colonel, General, atatu okha. Major, bwera kuno. Nduna zatsala Blair, Truss, Sunak, zikusowa mmodzi, ndipo May wachoka ku miyezi yekha osakankhidwa. Khoma latha.

Mwaona? Amene anadziwa zambiri ndi amene anakodwa msanga, chifukwa olemba mafunso amatchera dala pamene munthu wodziwa aponde. Gulu limene likuoneka msanga nthawi zambiri ndi limene lili ndi mawu oposa 4. Yambani ndi gulu losowa, osati losefukira.

Ngati mwafika pano ndipo khomalo munalimaliza nokha, lembani m'makomenti kuti zinakutengerani masekondi angati. Osanama, Mulungu akuona. Ndipo dinani like, zimathandiza kuti YouTube iwaonetsenso ena.

Ndikupatseni china choopsa kuposa apa. China, Armenia, Liverpool, Washington. Wodziwa mapu ayamba: awiri ndi maiko, awiri ndi mizinda, kodi pali mtsinje, kodi pali nkhondo ina? Akhoza kufufuza mpaka mawa, ngati munthu wosakasaka makiyi ali nawo m'manja. Siyani tanthauzo, yang'anani zilembo. Mu China muli chin, chibwano. Mu Armenia muli arm, mkono. Mu Liverpool muli liver, chiwindi. Mu Washington mwabisala shin, msongolo. Ziwalo za thupi. Magulu otere amabwera kawirikawiri pa pulogalamuyi: mawu obisika, mawu ochotsedwa chilembo, mawu amene onse amatsatiridwa ndi liwu limodzi. Digiri iti imene imaphunzitsa zimenezo?

Pali lamulo linanso limene limalanga opupuluma. Mukapeza magulu awiri, mumatsala ndi mwayi wolakwa katatu kokha, kenako khoma limauma, simungadinenso. Matimu ozolowera amachotsa manja pamenepo, n'kuyamba kukambirana, chifukwa kupeza gulu ndi pointi 1, kunena chimene chikulilumikiza ndi pointi inanso, ndipo mukakhoza zonse amakuonjezerani 2 kuti akwane 10. Ngakhale gulu limene mwalephera kulipeza, akakuonetsani mukhoza kutolapo pointi mukanena kugwirizana kwake. Ndiye kumaliza msanga osadziwa chifukwa chake n'kutaya mapointi chabe.

Wina alemba m'makomenti kuti, ndiye mukuti kudziwa zinthu kulibe ntchito? Ayi, sindinatero. Ngati simunamvepo za Truss ndi Sunak, khoma lija likuvutani. Ndipo ndivomere, mafunso ambiri ndi a Chibritishi zedi: masiteshoni a sitima za pansi pa London, mapulogalamu akale a ana, masewera a cricket. Ena ndi ovutadi moti matimu onse awiri amangoyang'anana. Koma chimene chimafunika ndi kudziwa pang'ono pa zinthu zambiri, ndiponso anthu atatu osafanana. Mukaika mapulofesa atatu a mbiri yakale pa tebulo limodzi, funso la nyimbo za achinyamata likangobwera, onse ziii. N'chifukwa chake matimu ambiri amakhala anzake a kuntchito, apabanja, kapena anthu ongokonda chinthu chimodzi, ndipo dzina la timu limachokera pomwepo.

Gawo 4, mwachangu. Amachotsa zilembo za liwu, a, e, i, o, u, n'kusokoneza mipata. Amakuuzani mutu wake, ndipo apa aliyense amadina belu payekha, palibe kufunsana. Mwakhoza, pointi 1. Mwalakwa, amakuchotserani 1. Tiyese m'Chichewa, mutu wake ndi miyambi.

PA SIKIRINI: MTM DZS SNZD NG

Mwaupeza? Mutu umodzi susenza denga. Gawo limeneli limathamanga kwambiri moti timu imene inali kumbuyo ikhoza kudutsa anzake m'mphindi yomaliza.

Ena mwa inu mukuti khoma lija mukulidziwa pa foni. Eya, ndi Connections, masewera a nyuzipepala ya New York Times amene anatuluka mu Juni 2023: mawu 16, magulu 4. Atangotuluka, Victoria Coren Mitchell anawakumbutsa pa Twitter kuti zimenezi zakhala zili pa TV kuyambira 2008. Kusiyana kwake, pa foni palibe wotchi yokuthamangitsani, ndipo sakufunsani kuti gululo likugwirizana pa chiyani, amangokuuzani okha. Kwa ine pamenepo achotsa theka la kukoma kwake, koma tidzakangana bwino sabata yamawa, chifukwa vidiyo yotsatira ndi ya Connections yokhayokha.

Ntchito ya kunyumba nayi, ya Gawo 2. Paris, Tokyo, Rio. Chachinayi n'chiyani, ndipo chifukwa chiyani? Yankho lopanda chifukwa sindiliwerenga. Woyamba kukhoza ndimuika pamwamba pa makomenti. Tionana Lachisanu.