N'chifukwa chiyani Lusaka imachemerera Springboks?

[Pa sikirini: osewera a South Africa atanyamula chikho ku Paris]

Muli bwanji nonse. Pa 28 October 2023, nthawi itakwana 21 hours, malo ambiri oonerapo mpira ku Woodlands, ku Kabulonga mpaka ku Kabwata anadzaza anthu ovala jezi yobiriwira ya kolala ya golide. Si ya Chipolopolo ayi. Ndi ya Springboks, timu ya rugby ya South Africa, imene usiku umenewo inagonjetsa New Zealand 12-11 ku Stade de France n'kutenga Chikho cha Dziko Lonse kachinayi. Funso la lero ndi lakuti, munthu wa Lusaka amakuwiranji mpaka mawu kusasa chifukwa cha timu ya eni?

Yankho losavuta ndi lakuti yathu kulibeko. Chiyambire mpikisanowu mu 1987, Zambia sinasewereko. Koma yankho limeneli ndi loperewera, chifukwa panali nthawi imene kuvala jezi imeneyi muno kukanakhala kudziputira mavuto.

Afunseni agogo kapena amalume amene anali kale achikulire zaka za m'ma 1980. Likulu la ANC, chipani cholimbana ndi tsankho ku South Africa, linali muno m'Lusaka, chifukwa kwawo chipanichi chinali choletsedwa. Mtsogoleri wake, a Oliver Tambo, ankakhala muno, Pulezidenti Kenneth Kaunda atawapatsa malo. Ndipo kusunga alendo amenewa kunali ndi mtengo wake: pa 19 May 1986 asilikali a South Africa anaukira Zambia, Zimbabwe ndi Botswana tsiku limodzi, ndipo kuno ndege zawo zinaponya mabomba ku Makeni. Masiku amenewo rugby inali masewera a pamtima a azungu olamulira dzikolo, ndipo kanyama kodumpha kali pachifuwa kaja kankaimira tsankho la apartheid. Mayiko ambiri anakana kusewera nawo. N'chifukwa chake mu 1987 ndi 1991 South Africa kunalibe ku Chikho cha Dziko Lonse.

[Pa sikirini: a Mandela ndi Francois Pienaar ku Ellis Park]

Zinthu zinatembenuka mu 1995. A Nelson Mandela, amene anabwera kuno ku Lusaka mu February 1990 atangotuluka m'ndende, analowa m'bwalo la Ellis Park ku Johannesburg atavala jezi ya Springboks ya nambala 6, nambala ya kaputeni Francois Pienaar. Inali fainolo ya Chikho cha Dziko Lonse, ndipo South Africa inapambana New Zealand 15-12. Koma tisanamizane. M'timu yonseyo wosewera wosakhala mzungu anali mmodzi yekha, Chester Williams, ndipo anthu ambiri kumbali kuno anaombera m'manja a Mandela, osati timuyo. Ine ndimaona kuti mitima ya ambiri inatembenukadi mu 2018, pamene Siya Kolisi, mnyamata wokulira mu umphawi ku Zwide, komboni ya ku Gqeberha, anakhala kaputeni woyamba wakuda. Chaka chotsatira ku Japan, mu fainolo ya chikhochi, anagonjetsa England 32-12, Makazole Mapimpi ndi Cheslin Kolbe atagoletsa. Kutsogolo kunali Tendai Mtawarira, "Beast", mwana wa ku Harare. Mnyamata wa ku Chawama kapena ku Matero akaona nkhope zimenezi sakuonanso timu ya adani a agogo ake.

Tiime pang'ono chifukwa cha inu amene mumangokhala pambali anzanu akamakuwa. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 15, masewera ndi mphindi 80. Mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja. Umapita kumbuyo kapena m'mbali, ndipo ukafuna kupita kutsogolo uthamange nawo kapena uumenye ndi phazi. Ukaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani, imeneyo ndi try, mapointi 5, ndipo mumapatsidwa mwayi woumenya pakati pa mitengo iwiri ija kuti muonjezere 2. Penate yolowa ndi mapointi 3. Muja mumaona madoda asanu ndi atatu mbali iyi, asanu ndi atatu mbali inayo, atalowetsana mitu ngati ng'ombe zolimbana, ndiyo scrum. Ambiri ongoyamba kumene amapita kukagula chakumwa nthawi imeneyo. Osatero, chifukwa apa m'pamene South Africa imafinyira anzake mpaka woyimbira kupereka penate.

Mukamvetsa zimenezi, mumvetsanso chifukwa chake 2023 inatsala pang'ono kudwalitsa anthu mtima. Springboks inagonjetsa France, eni bwalo, 29-28. Anagonjetsa England 16-15. Fainolo 12-11. Masewera atatu otsatizana, onse kusiyana pointi imodzi. Mu fainolo Springboks sinagoletse try ngakhale imodzi, mapointi onse 12 anachokera kuphazi la Handré Pollard, ndipo New Zealand inasewera gawo lalikulu ndi anthu 14 kaputeni wawo Sam Cane atapatsidwa khadi lofiira. Ochemerera All Blacks, timu ya New Zealand, amene muno aliponso ndithu, makamaka aja anakopeka ndi wosewera wawo wakale Jonah Lomu ndi gule wa haka, mpaka lero nkhani ya khadi imeneyi sanaiiwale. Muyambitse nokha pa tebulo, muone.

Tsopano nayi nkhani imene ambiri a ife sitidziwa. Mu Chikho cha Dziko Lonse cha 2003, makaputeni a matimu awiri akuluakulu anali obadwira muno m'Lusaka. George Gregan, wa Australia, anabadwa kuno mu 1973. Corné Krige, wa South Africa, anabadwa kuno mu 1975. Gregan anachoka ali wamng'ono, anakulira ku Canberra, anasewerera Australia masewera 139 ndipo anali m'timu imene inatenga chikho mu 1999. Mu 2003 anafikitsa timu yake mu fainolo, kumene England inawapambana 20-17. Choncho wina akavala jezi yachikasu ya Wallabies, timu ya Australia, n'kunena kuti akuchemerera mwana wakwathu, musamuseke kwambiri. Ali ndi mfundo, ngakhale kuti Gregan rugby yake sanaiphunzirire pa Showgrounds.

[Pa sikirini: masewera a ligi ya muno]

Ndatchula Showgrounds dala. Rugby m'Zambia si ya pa TV pokha. Inakula ndi migodi, n'chifukwa chake Copperbelt ili ndi matimu akale monga Mufulira Leopards, Diggers ya ku Kitwe, Roan ya ku Luanshya ndi Nchanga ya ku Chingola. Kuno tili ndi Lusaka Rugby Club, Red Arrows ya asilikali a ndege ndi Green Buffaloes. Timu yathu ya sevens, rugby ya anthu asanu ndi awiri mbali iliyonse, inasewera ku Commonwealth Games ku Gold Coast mu 2018 ndi ku Birmingham mu 2022. Apa pokha ndiye ndili ndi dandaulo ndi ife ochemerera. Munthu amazungulira salaula yense wa ku Soweto Market kufunafuna jezi ya Springboks, amadziwa mayina a osewera onse mpaka okhala pa benchi, koma mum'funse wosewera mmodzi wa Zambia, angokanda m'mutu. Masewera a ligi yathu sali kutali, ndipo kugundana kwa matupi ukakumvera pafupi ndi mzere n'kosiyana kwambiri ndi kwa pa TV.

Nanga 2027? Mpikisano udzachitikira ku Australia, ndipo matimu akwera kuchoka pa 20 kufika pa 24. Kwa zaka zambiri timu yachiwiri ya Africa inali Namibia, imene inapita kuyambira 1999 mpaka 2023 osapambana masewera ngakhale amodzi pabwalo, ndipo mu 2003 Australia inaikwapula 142-0. Ulendo uno zasintha. Mu July 2025 ku Kampala, Zimbabwe inagonjetsa Namibia 30-28 n'kudzigulira malo, koyamba chichokere 1991. Ma Sables, timu ya Zimbabweyi, ndi anansi athu enieni, tsidya lina la Zambezi, ndipo osewera awo ambiri sadya ndalama zimene a Springboks amadya. Kwa ine amenewa ndi oyenera mawu athu poyamba, Springboks pambuyo, pajatu iwo ochemerera ali nawo kale ochuluka.

Chomaliza ndi nthawi. Nthawi ya ku Paris ndi ya ku Lusaka inali yofanana, n'chifukwa chake 2023 tinaonera usiku titaweruka. Perth ili patsogolo pathu ndi maola 6, ndipo Sydney kumapeto kwa mpikisano idzakhala patsogolo ndi maola 9. Masewera oyamba 20 hours ku Sydney kuno adzakhala 11 hours m'mawa. A Loweruka palibe vuto. A Lamlungu adzagundana ndi tchalitchi, ndipo a pakati pa sabata mukambirane ndi abwana anu kukadali kutali.