Musanadinde Chala pa Pepala la Akafukufuku

Zikomo amfumu, anyakwawa, amayi ndi abambo nonse. Amene muli padzuwa uko sunthirani kuno, nkhaniyi njofunika kumvetsetsa.

Kuno ku Angónia alendo a kafukufuku wa zaumoyo timawalandira, ena za malungo, ena za chifuwa chachikulu, ena za kadyedwe ka ana. Amayamba afika kwa amfumu, ndipo ndiye mwambo wake. Koma amfumu amawalola kulowa m'mudzi basi. Zoti mupereke magazi kapena mumwe mankhwala oyesedwa, wovomera ndinu eni ake. Inunso amayi, kukambirana ndi abambo akunyumba n'kwabwino, koma mkono wokabayidwa ndi wanu.

Malamulo amenewa anabwera anthu atalira kale. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko ankangowayeza osawachiza, atawanamiza kuti akuwathandiza "magazi oipa". Mankhwala a penisilini ochiza chindoko atapezeka, anawamana, kuti aone mmene matendawo amamalizira munthu. Mu 1964 madokotala a dziko lonse anagwirizana ku Helsinki, m'dziko la Finland, kuti munthu asalowetsedwe m'kafukufuku asanauzidwe zonse n'kuvomera mosakakamizidwa. Kuno ku Mozambique tili ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde, ya ku Unduna wa Zaumoyo, imene imaunika kafukufuku asanayambe. Alendo akafika, amfumu funsani kalata yowaloleza, si mwano ayi.

Tsono pamene zimasokonekera ndi apa. Pepala limabwera m'Chipwitikizi, masamba ambirimbiri. Wina aliwerenga mothamanga, mzera watalika, anthu akuganiza zakumunda, kenaka "dindani apa". Agogo adinda, koma muwafunse madzulo kuti avomera chiyani, akuuzani kuti kwabwera chithandizo. Chala chadindidwa, inde, koma chilolezo palibe.

Pemphani kuti akufotokozereni m'Chichewa chathu chino, pang'onopang'ono. Ngati simuwerenga, pakhale mboni yoti mwasankha nokha, yosakhala ya gulu la akafukufukuwo. Wofufuza wodziwa ntchito akamaliza safunsa kuti "mwamva?", poti ife mwaulemu wathu timangoti eya. Amati, "Tandibwerezerani zimene ndanena." Mukakakamira penapake, ayambirenso. Muthanso kupita nalo pepalalo kunyumba, mwana wasukulu akuwerengereni, mubwere mawa. Mukavomera, pepala limodzi likhale lanu, ndipo pakhale nambala ya foni yoimbira zinthu zikavuta.

Dziwani kuti kafukufuku si chimodzimodzi ndi kupita kuchipatala. Kawirikawiri anthu amagawidwa mwamaere: ena alandira mankhwala atsopano, ena akale, mwina enanso ongofanana nawo maonekedwe koma opanda mphamvu. Zimenezi akuuzeni musanalowe, pamodzi ndi zovuta zimene mankhwalawo angabweretse ndiponso amene adzakuchizeni mukadwala nawo.

Za magazi musachite manyazi. Atenga ochuluka bwanji, kangati? Akawayezera ku Tete, ku Maputo kapena kunja? Otsala awasunga mpaka liti? Mphekesera za anamapopa zimakula pamene mafunso otere sanayankhidwe, ndipo ine sindiimba mlandu anthu akumudzi okha.

Musamve ngati ndikukuopsezani. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2021, anayesedwa pa ana a ku Manhiça, konkuno ku Mozambique, makolo awo atalola. Kafukufuku wabwino timamufuna.

Ndalama imene amapereka ndi yobwezera ulendo ndi nthawi yanu, sikuti akugulani. Mukakana, kapena mukasiyira panjira, kuchipatala akulandirani monga kale, ndipo odwala amene amalandira ma ARV apitiriza kulandira. Mwana amamuvomerera ndi kholo, koma ngati wasinkhuka, nayenso afunsidwe.

Ndaona dzanja kumbuyo uko. Imirirani amayi, mukweze mawu kuti onse amve.